Kope la Esnati

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene mwana wanga Tadala anabwera kusukulu siketi ili chonyowa, atakhala pansi m'kalasi yodontha. Ndinapemphera korona sabata yathunthu, kenako ndinamusiya m'manja mwa mng'ono wanga Esnati, wogulitsa tomato mumsika wa ku Bangwe. Mumtima ndinati ndikachape za anthu, mwanayu adzalowe sukulu yolipira.

Mulungu anandisunga, sindidandaula. Ndinapeza bwana wabwino ndi kachipinda kuseri kwa galaja. Koma Lamulungu likafika, kutuluka m'tchalitchi wopanda wokufunsa kuti mwadzuka bwanji, ndinkalira ngati mwana. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama, ndiye n'kuimba foni.

Tsiku lina Tadala anati, “Amayi asankhidwa mukomiti ya makolo.”

“Amayi ake ati?”

“Amayi Esnati.”

Kale ankati amayi aang'ono. Mawu akuti aang'onowo anagwera kuti, sindikudziwa. Kuyambira pamenepo foni iliyonse inali ya Esnati: Esnati waphunzitsidwa kuwerenga pepala la ndalama zimene boma limapereka kusukulu, Esnati wawapanikiza ahedi ndi mafunso. Esnati amene tinalekezera limodzi Sitandade 7! Ndinkati “Ambuye atamandike,” koma ndi pakamwa pokha.

Nditabwerera patatha zaka zinayi, ndinauza Tadala kuti ndamupezera malo kusukulu yolipira. Anayang'ana kaye Esnati asanandiyankhe. Zimenezo zinandipweteka kuposa kuzizira konse kwa ku Joni.

Sabata yomweyo kunali msonkhano wa makolo. Ndinavala jekete yanga yabwino, ndinaima pakhoma la ofesi n'kuwerenga pepala lija. Ndalama za sukulu yathu zinali zambiri kuposa za kasukulu ka kutsidya kwa mtsinje. Ndinakweza dzanja, ndinati makolo anzanga, tisamangodandaula, tithokoze, ife ndi amene tapatsidwa zambiri.

Esnati anaimirira pang'onopang'ono.

“Achemwali, pepani. Dengu la tomato sitiliyamikira kukula. Timafunsa kuti adye ndi anthu angati.”

Anatsegula kope lake lothimbirira ndi madzi a tomato. Anagawa ndalama zathu ndi chiwerengero cha ana athu, za kutsidya ndi ana a kutsidya. Mwana wathu aliyense ankapeza zochepa. Kuwonjezera apo, ana amene anasamukira kuno matope atagumula nyumba ku Chilobwe sanali m'chiwerengerocho. Ankakhala m'kalasi, koma papepala kunalibe. Bambo wina kumbuyo anaseka, “Za ku Joni izo, mayi, kuno timagawa!” Tadala anali pawindo, maso ali pa Esnati, akumwetulira. Kumwetulira kumeneko ndinakulipirira zaka zinayi, koma kunapita kwa wina.

Sindinadye tsiku limenelo. Ndinakalapa kwa ansembe kuti ndikuchitira nsanje mwana wa mayi anga, amene anandilerera mwana osandiwerengera ngakhale sopo. Ansembe anati ndipite ndikamuthandize.

Tadala anakana kusamuka sukulu mpaka anzake a ku Chilobwe atalembedwa. Ndiye iye amene anandiphunzitsa kugawako, pamkeka, ndi njere za nyemba: uwu mulu wa ndalama, awa ana. Ndikalakwitsa ankati, “Ayi, yambiraninso,” ndi mawu enieni a Esnati.

Tsopano Loweruka lililonse timayenda khomo ndi khomo kulemba mayina a ana osawerengedwa, kuti komiti ikapereke ku ofesi ya maphunziro. Ndinapita kutali kuti ndichotse mwana mmodzi m'kalasi yodontha. Mng'ono wanga wotsala pakhomo anaphunzira kumenyera kalasi yonse. Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha iye, ndi mtima wonse. Koma ndisaname pamaso pa Ambuye: tikamayenda m'tinjira ta Bangwe, kope ndimanyamula ine, cholembera chili m'manja mwa Esnati, ndipo Tadala amayenda mbali ya cholembera.