Tiukonde ta Nkhono Kuseri kwa Khitchini

Ndinakalipira munthu wosalakwa chifukwa cha kaukonde kosambira. Unali m'mawa wa Lachisanu ku Najma, mu mzinda wa Doha, m'nyumba ija tinkakhala amuna asanu ndi atatu pa bafa imodzi. Ndinatenga kaukonde kanga pa msomali, ndinakapaka sopo, ndipo nditangokakoka pamsana kanaduka pakati. Ndinatsala ndi chidutswa dzanja ili, chidutswa dzanja ilo, thovu lili m'maso. Ndinatuluka ndi thaulo m'chiuno n'kukagogoda kwa aneba anga, bambo wa ku Ntcheu amene amayendetsa basi ya antchito a pa hotela.

"Achimwene, mukanangopempha. Kudula cha mnzanu ndi lezala n'chiyani?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, madzi akudonthera pakhomo pawo. Anatenga chidutswa chimodzi, anachinunkhiza, n'kuchikoka ndi zala. Chinanyotsoka ngati nsanza.

"Akulu, lezala ili pati apa? Chinthuchi chawola. Munachitenga kuti?"

Aliyense wokulira kwathu amadziwa kuti kaukonde ka pulasitiki koikamo anyezi kapena malalanje sikatayidwa. Umakachapa, umasambira, ndipo kamatha zaka kakukhula litsiro osadandaula. Ine ndimagwira ntchito ya ulonda pa chilumba cha Pearl, pa geti la kuseri kwa hotela pamene magalimoto amatsitsa zakudya. Hotelayo imagula nkhono za m'nyanja, zakuda, za zigoba ziwiri, zimene zimabwera pa ndege kuchokera kumayiko ozizira zili m'tiukonde. Ophika akakhuthula nkhono, tiukondeto timapita m'mabini. Ndinkadutsa pamenepo tsiku lililonse, mtima ukundiwawa kuona chuma chikutayidwa. Ndiye kangapo ndithu ndinavundukula mabiniwo, kusankha tofewa, n'kuponya totsala m'bini iliyonse imene inali pafupi ndi dzanja.

Nditawauza zimenezi aneba anga anaimba mluzu.

"M'mabini awiri aja, obiriwira ndi achikasu? A mayi a ku Balaka aja? Ndiye ndinu! Mayiwo alandira kalata ya chenjezo dzana chifukwa cha mabini omwewo. Kontrakiti yawo ikutha mwezi wamawa. Supavaiza wawo akuti munthu wobweretsa mavuto sangamusainitsenso."

Ndinabwerera ku bafa mwakachetechete kukamaliza kusamba ndi manja.

Chimene chinandichititsa manyazi kwambiri n'chakuti nkhani ya nkhonozi ndinkaidziwa. Sukulu ndinasiyira fomu thu, koma kuwerenga sindinasiye. Magazini amene alendo amasiya pa mipando ndimatola, ndipo mawu ovuta ndimawafufuza pa foni. Ndinali nditawerenga kuti nkhonozi amachita kuweta m'nyanja, pa zingwe zazitali zovekedwa maukonde onga masokosi, ndi kuti maukonde a pulasitikiwo akang'ambika amayandama zaka ndi zaka, kukola mbalame ndi akamba. Ndinawerenganso kuti alimi ena ayamba kugwiritsa ntchito ulusi wa zomera umene umawola wokha, ndipo ena amasonkhanitsa a pulasitiki kuti akawasungunule n'kupanga zinthu zina. Zonsezi ndinali nditawalalikira anzanga m'basi mpaka ena kumavala zomvera m'makutu. Koma ulusi wowolawo utafika pamsana panga penipeni, sindinauzindikire. Ndinkangoti ndapeza kofewa.

Mayiwo ndinkawadziwa ndi moni chabe. Anali aafupi, olankhula motsitsa, ndipo ntchito yawo inali yotsuka mapoto akuluakulu a m'khitchini. Loweruka masana, pa nthawi yopuma, ndinawapeza kuseri atakhala pa kreti, mulu wa tiukonde uli patsogolo pawo. Dzuwa la Doha linali litatsika pansi, ndipo fungo la pamenepo silinali la hotela ya anthu olemera.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

"Ndaswera, kaya inu bambo a pa geti."

Ndinaima kanthawi ndikupotokola chipewa. Kenako ndinanena zonse, mpaka za thaulo zomwe. Ndinkayembekeza mkuntho. Iwo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja.

"Ine ndinkaganiza kuti ndi amphaka! Ndimati amphaka a kuno ndi anzeru, akutsegula bini n'kutsekanso. Kani ndi mphaka wa yunifolomu."

Anandikankhira kreti ina ndi phazi. Ndinakhala.

Anandifotokozera mmene zinayambira, manja awo osaleka kugwira ntchito. Kale tiukonde tonse tinkatayidwa m'bini yosatseka, ndipo mphepo ikawomba tinkaulukira m'madzi pamene pamaima maboti. Tsiku lina anaona mbalame yoyera ya m'nyanja ikudumphadumpha pa simenti, miyendo yonse iwiri itakulungidwa ndi kaukonde ka m'khitchini mwawo. Anayesa kuigwira, inathawira m'madzi. Kuyambira pamenepo anayamba kutola tiukondeto, kutitsuka pa nthawi yawo yopuma n'kutiyanika. Anapita kwa shefu, mkulu wa ophika, katatu kukapempha kuti tiukondeto tisamangotayidwa. Ulendo woyamba sanawayang'ane n'komwe. Wachiwiri anati "yala, yala," kuwathamangitsira ku mapoto. Wachitatu anapita atanyamula thumba lodzaza, n'kuliika pa tebulo lake.

Shefu uja anavomera. Anapeza anthu osungunula pulasitiki oti azibwera ndi galimoto kamodzi pamwezi, ndipo anayamba kugulako nkhono kwa alimi amene amatumiza m'tiukonde towola. Towolato timapita pamodzi ndi zotsala za chakudya kukapanga manyowa. Vuto n'lakuti mitundu iwiriyi ikanyowa imafanana, ndipo ophika amadula chizindikiro potsegula. Osungunulawo sakufuna zosakaniza, akuti zimawaonongera pulasitiki yense. Anabwera, anapisa dzanja m'bini yachikasu yoikamo ta pulasitiki, anapeza towola, anabwerera opanda kanthu. Supavaiza, amene kuyambira kale ankati wotsuka mapoto azitsuka mapoto, anapeza pogwira.

"Abweranso Lachiwiri," anatero mayiwo. "Akakananso, khalasi, zatha. Mabini achotsedwa, ine ndikukwera ndege."

Ndinafunsa kuti amasiyanitsa bwanji. Apa ndinakonza kukhosi, ndikufuna kuwathandiza ndi zimene ndinawerenga. Sanandipatse mpata. Anatenga kaukonde kamodzi, anakafinya m'manja pafupi ndi khutu.

"Mwamva? Ka pulasitiki kamalira, kamati tsetsetse, ndipo mukakasiya kamadzitambasula kokha. Aka kamakhala chete ngati chitenje chonyowa."

Tambiri ankatidziwa choncho, ndi dzanja ndi khutu. Tokayikitsa ankatiika pambali. Kenako ananditengera pa ngodya pamene antchito amaloledwa kusuta, pomwe pali chitini cha mchenga. Anasolola ulusi umodzi n'kuuyatsa ndi machesi. Unakhwinyata, unadontha, n'kusanduka kampira kakuda kolimba.

"Pulasitiki ameneyo."

Anayatsa wina. Unayaka bwinobwino n'kusiya phulusa lotuwa limene linatha atalitikita ndi chala.

"Nunkhizani. Si fungo la m'munda mukamatentha mapesi a thonje limenelo? Bambo anga ankalima thonje. Amayi akagula nsalu pamsika ankayatsa kaulusi ka m'mphepete kuti adziwe ngati sanaberedwe."

Ndinanunkhiza, ndipo zinali zoona. Zaka zonse zowerenga zija palibe tsamba limene linandiuza zoyatsa ulusi.

Tinasankha mulu uja masiku atatu, pa nthawi yopuma yokha. Ine ndinkachedwa kwambiri. Ndinkafinya kaukonde pa khutu, nkhope ili ngati ya dokotala, kenako n'kuponya kolakwika. Iwo ankangotambasula dzanja osayang'ana, kukatola n'kukaika koyenera. Sanandinyoze ngakhale kamodzi. Chimene ndinaona n'chakuti kaukonde kalikonse ka pulasitiki ankakatembenuza n'kuchotsa tizigoba tokanirira, chifukwa anamva kuti timagomola mipeni ya makina a osungunula aja. Palibe anawatuma zimenezo, ndipo makinawo sanawaonepo.

Panatsala chinthu chimodzi, chimene ndinkachizengereza. Kalata ija inali idakali m'faelo mwawo, yonena kuti sasamala ntchito. Iwo sanandipemphe kanthu. Atandiona ndikuyang'ana chitseko cha ofesi anati, "Bambo, musadziphe. Mlonda wotola za m'bini, mukudziwa mmene amazionera kuno." Ndinadziwa. Komabe Lolemba ndinalowa kwa shefu, supavaiza ali pomwepo. Chingerezi changa cha m'magazini chinandithawa, ndinatsala ndi manja. Ndinasonyeza kutsegula bini, kusankha, kuponya. Shefu anafunsa kuti tiukondeto ndinkatani nato. Ndinachita kusonyezanso, kukhula pamsana ndi manja awiri, ndili mu yunifolomu, pamaso pa akuluakulu.

Shefu anaseka mpaka kugwira tebulo. Supavaiza sanaseke. Analemba kenakake pa pepala n'kundiuza kuti ndituluke. Abwana anga a zaulonda anandiitana madzulo ake, anandikalipira mokwanira, n'kundisamutsira ku geti la kutsogolo kwa milungu ingapo.

Choncho Lachiwiri galimoto itabwera sindinaione. Ndinali kutsogolo, kutsegulira zitseko anthu onunkhira perefyumu, maso ali pa msewu wolowera kuseri. Nambala ya mayiwo ndinalibe, ndipo kufunsa aliyense ndinkaopa. Mlungu wonse unatha choncho. Ndinayesa kuwerenga, koma ndinkangobwereza mzere umodzi.

Lachisanu lotsatira ndinali pakhonde ku Najma ndikupukuta nsapato pamene aneba anga anafika kuchokera ku shifiti ya m'mawa. Anakhala pa sitepe, anavula nsapato imodzi, n'kuyamba kudandaula za magalimoto a pamsewu wa ku Rawdat Al Khail. Ankadziwa chimene ndinkadikira, n'chifukwa chake ankachedwa dala.

"Achimwene, nenani."

"Galimoto inanyamula zonse. Mayi aja asaina dzulo, zaka ziwiri, ndipo anakwera basi yanga akuimba nyimbo ya kwaya. Andituma uthenga. Akuti mukabwerera ku geti lanu muzipita kukawathandiza, koma kufinya pa khutu musiyire iwo. Inu muzingonyamula mabini."