Filimu ya Hezron ya Osamutsidwa ku Vwaza

Hezron Chavula wa ku Bolero anagwira kamera koyamba pa ukwati wa mlongo wake, wojambula weniweni ataledzera. Kuyambira tsiku limenelo khasu analiona ngati mdani. Bambo ake, mkulu wa mpingo, ankafuna mphunzitsi pakhomo, koma anabala munthu woyendayenda ndi chikwama kumsana ngati wogulitsa mankhwala a makoswe.

Maukwati ankangomudyetsa basi. Mtima wake unali ku Mwazisi, kwa okalamba amene anasamutsidwa kuchoka ku Vwaza pamene malowo ankasanduka nkhalango yotetezedwa. Ankakwera pikapu ya fodya n'kukakhala nawo pakhonde tsiku lonse, iwo akutchula mitsinje, misuku ndi manda a makolo awo, kumene lero kumaponda njovu. Analonjeza aliyense wa iwo kuti adzadzionera yekha pa nsalu yoyera, mudzi wonse uli pomwepo.

Pakamwa sipalemera, abale. Kujambula anajambuladi, koma kulumikiza filimu kumafuna kompyuta yamphamvu, ndipo yake inkazima ikangotentha. Mabungwe a ku Lilongwe ankamuyamikira kwambiri, kenako zii. Mkazi wake Temwa anatopa ndi nyimbo ya "chaka chamawa", n'kubwerera kwawo ku Henga. Imvi zinamupeza akadali kuyesa.

Okalamba aja sanadikire. Akamwalira mmodzi, abale ankabwera kwa Hezron kudzapempha chithunzi choika pa bokosi la maliro, poti ambiri analibe china. Iye ankatsegula zojambula zake, kumuimitsa munthu ali pakati pa mawu, n'kudula nkhope yokha. Zinkamupweteka koopsa. Filimu yake inaonetsedwa motero, nkhope imodziimodzi, kwa anthu olira.

Anatsala mayi Tenesi NyaUhango okha. Chilimwe chathachi Hezron anapita kukawapepesa, ndipo anawapeza ali gone pamphasa, atawonda kwambiri.

"Amama, pepani chomene," anatero atagwada. "Filimu ija sinathebe."

"Yewo, mwana wane," mayiwo anayankha, akusakaniza ndi Chitumbuka. "Za nsalu yoyera zisiye, ine sindifikako. Tsegula makina akowo tisankhiretu chithunzi. Ndikufuna paja ndinavala duku lobiriwira, ndikuseka. Ana angawa angadzasankhe choipa."

Hezron anafuna kukana, koma anasowa chowalonjeza. Anatsegula, n'kuwadzutsa kuti atsamire khoma. Anafufuza limodzi mpaka anapapeza, ndipo mayiwo anati chimenecho n'chabwino.