Apongozi Anga pa Khoma la Bala ku Mukobeko

Basi ya ku Lusaka inanyamuka pa Katete kusanache bwino. Ine ndinali pampando wakumbuyo ndi kamera pachifuwa, apongozi anga aakazi ali kutsogolo, khosi lili njo. Tinakhala motalikirana mwadala, poti mkamwini sakhala phewa ndi phewa ndi apongozi. Tikiti inali K350 munthu mmodzi, ndipo musafunse amene analipira.

Mlandu wake unali uwu. Ine ndine wojambula zithunzi, za maukwati ndi za ziphaso. Chaka chatha, pa ukwati wa mlamu wanga, ndinawajambula apongozi akuseka mpaka mano a m'mbali kuonekera, chikho chachikulu cha thobwa chili m'manja. Chithunzicho ndinachikonda, ndinachiika patsamba langa pa intaneti, dzina langa lili pakona. Ndiye tsiku lina Amayi Zulu, a mpingo wathu koma okhala ku Chililalila ku Kabwe, anatumiza uthenga pagulu la pafoni la amayi a Chigwirizano. Munali chithunzi chomwe chija, chachikulu ngati chitseko, chitapachikidwa pakhoma la bala ku Mukobeko, dera la ndende yaikulu ya ku Kabwe, kuitanira anthu kumowa.

Akulu a mpingo anati mpaka zoona zidziwike, apongozi asavale yunifomu. Yunifomu imene akhala akuivala kuyambira mkazi wanga, mayi a Tisa, ali kumsana! Anthu pamsika ankati ndagulitsa nkhope ya apongozi, ndipo kunyumba madzi osamba ndinayamba kudziikira ndekha. Nditanena kuti ndipita ndikathane nazo, apongozi anatuma mawu akuti nkhope ndi yawo, sangasiye munthu wina aiyendere, apita nawo.

Pa Nyimba apongozi anagula nthochi n'kunditumizira ziwiri kudzera m'manja mwa anthu, ndipo inandipeza imodzi. Pa mlatho wa Luangwa azimayi a nsomba zouma anazinga basi, mmodzi n'kuona kamera yanga.

"Tijambuleni, abambo, tikaoneke pa TV!"

"Amayi, musamapemphe zimenezo," ndinatero. "Mudzadzuka mukugulitsa mowa ku Kabwe."

Njira yonse ndinkaloweza mawu anga. Lamulo limati chithunzi n'cha amene anachijambula, wochifuna apemphe, wochitenga osapempha achichotse ndi kulipira. Ndinawabwereza mpaka bambo wa pambali panga anafunsa ngati ndikupita kumayeso. Pofika pa Chongwe ndinali nditapambana kale mlanduwo m'mutu, woweruza akundigwira chanza.

Lusaka tinafika dzuwa litapendeka pang'ono. Tinadya tchipisi ndi soseji titatembenukirana misana, n'kukwera minibasi ya ku Kabwe pa K120. Mmenemo ulemu unatha wokha: kondakitala anatipanikiza pampando umodzi, thumba la wina la kapenta lili pamiyendo pathu. Ine maso pawindo, iwo maso kudenga. Msewu wake ndi wa malole opita kumpoto, amodziamodzi ngati nyerere, ndipo dalaivala wathu ankawapitirira akuimba. M'mbali munali makala, mavwende ndi mbatata milumilu, koma wogula analibe poika.

Kabwe amakulandira ndi njanji komanso chulu chakuda cha mgodi wakale. Pasiteshoni anatichingamira Amayi Zulu, mayi wamfupi wolankhula msangamsanga, amene bambo awo anachoka kwathu kalekale kudzagwira ntchito ya njanji. Anawakumbatira apongozi n'kulira pang'ono, kupepesa kuti uthenga uja anautumiza ndi mtima wabwino. Kenaka tinakwera minibasi ina ya K15. Kondakitala atamva kuti Mukobeko, anayang'ana dengu la apongozi mwachisoni.

"Mami, muyenda kuona mwana ku jele? Nthawi yasila, sazakulolani."

"Ndikupita kukadzitulutsa ndekha," anatero apongozi.

Mnyamatayo anawayang'anitsitsa, n'kugwira pakamwa. "Ah! Ndimwe ba mami ba pa bala! Dalaiva, tanyamula ba sitala!" Minibasi yonse inatembenuka. Wina anapempha kujambulitsa nawo. Ine kuseka kunandifika pakhosi, koma nditaona makutu a apongozi akunjenjemera pansi pa duku ndinakumeza msanga.

Tinatsika kufupi ndi nyumba za asilikali a ndende, cha m'ma 16 awazi, 4 koloko madzulo. Sitinafunse njira. Apongozi anatilandira okha ali pakhoma, akuseka, chikho m'mwamba. Ndinene zoona, mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe ndisanakumbuke kukwiya, chifukwa chithunzi changa ndinali ndisanachionepo chachikulu chotero, ndipo kuwala kwake kunali kokoma zedi. Koma pakona pamene panali dzina langa anali atadulapo.

Mwini bala, Ba Chanda, anatuluka akupukuta manja, Mbemba wamimba yake ndi nkhope yansangala. Ndinatulutsa foni, kumuonetsa chithunzi chenicheni ndi dzina langa, n'kuyamba mawu anga aja. Sindinafike ndi pakati pomwe.

"Boss, ine sininadule chilichonse. Anyamata a ku printa ndiye anachosa pa intaneti. Vapa intaneti ni va aliyense."

"Si za aliyense, bambo. Mbuzi ikakhala pamsewu sindiye kuti ilibe mwini."

Anapendeketsa mutu kumvetsera kalankhulidwe kanga, nkhope n'kuwala. "Iyee, kanshi ndimwe a kum'mawa? Ba mbuya! Odya mbewa! Manje vuto ili kuti? Mbuya akatenga chinthu cha mbuya wake, ni kuba?"

Omwa mowa pakhonde anafa nacho chiseko. Kwa inu osadziwa, Abemba ndi ife a kum'mawa tili pachimbuya. Timanyozana poyera, iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani. Pamaliro mbuya wako akhoza kukupaka ufa kumaso kapena kukulanda nsapato mpaka uiwombole, ndipo wokwiya ndiye wagwa nayo. Lamulo langa lonse, lolowezedwa kuchokera ku Katete, linangosungunuka mkamwa. Ndinachita manyazi kwambiri.

Apa apongozi anaika dengu pansi.

"Mwati ndinu mbuya wanga?"

"Eya mukwai!"

"Ndipo cha mbuya n'chotenga?"

"Kutenga chabe, mami!"

Mayi amene sanapondepo m'bala chibadwire analowa ngati akulowa m'khitchini mwawo. Anatola makiyi pakauntala n'kuwamanga pamfundo ya chitenje. Anazula chingwe cha wailesi. Kenaka anakwera pafiriji yaikulu yosungira mowa, n'kukhala pachivundikiro, miyendo ili lendelende.

"Bala iyi ndatenga. Muiwombole."

Eeh, phokoso lake! Anthu anaimirira pamipando. "Chimbuya, Ba Chanda! Osakalipa!" Ba Chanda anaseka nawo poyamba, mpaka munthu wina atafuna botolo lozizira n'kupeza kuti pali mayi wa Chigwirizano pamwamba pake. Apongozi anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, Amayi Zulu n'kuilandira uku akujambula ndi foni. Msilikali wina wa ndende, amene anali atangoweruka, anabisa botolo kumbuyo n'kuponya besi yoti ngakhale kwaya yathu ilibe. Posakhalitsa bala yonse inali kuimba, ena akulira, ena akuvina. Ine ndinapezeka ndikuwomba m'manja, kamera ikudumphadumpha pachifuwa.

Itafika nyimbo yachitatu, Ba Chanda anagwada pasimenti.

"Ba mbuya, nafwa ine. Kambani mutengo."

Apongozi anati choyamba atsitse nkhope yawo ndi manja ake. Chachiwiri anene zoona pamaso pa foni ya Amayi Zulu. "Zotsalazo akuuzani mwini chithunzi," anatero akuloza kwa ine ndi chibwano. Mwini chithunzi! Ndinatalika pomwepo.

Ba Chanda anakwera pamakwerero n'kumasula chinsalucho anthu akuimba nthungululu. Anayang'ana foni n'kunena momveka kuti mayiwa sakuwadziwa, sanamwepo pamalo pake, mkamwini wawo sanamugulitse kalikonse, ndipo iye anatenga chithunzi osapempha. Tsopano anamvetsera lamulo langa lonse mpaka kumapeto, akugwedeza mutu ngati mwana wa sukulu. Anatibwezera zoyendera, analipira miyezi imene chithunzi chinamugwirira ntchito, ndipo poti khoma linatsala lamaliseche, tinapangana kuti ndimujambule iye mwini, dzina langa likhalepo. Anaima atakweza chikho, mimba patsogolo. Makasitomala anati bizinesi yathera pomwepo.

Dzuwa likulowa tinali pakhonde la Amayi Zulu ku Chililalila tikumwa munkoyo, thobwa la kumeneko, chinsalu chija chitakulungidwa pafupi ndi dengu. Kanema anali atapita kale kwathu. Chiseko chinali chitatha, aliyense ankangoyang'ana foni ili pampando. Ndinkaganiza kuti ulendo wonse ndinkadandaula za dzina langa lodulidwa pakona, pomwe amene anadulidwa zenizeni anali mayi uyu. Chithunzi chili ndi mwini, inde, koma nkhope ili m'menemo ilinso ndi mwini wake.

Foni inalira. Unali uthenga wa amayi abusa. Amayi Zulu anawerenga mokweza kuti akulu aona, apepesa, ndipo apongozi asite yunifomu chifukwa pamsonkhano wa amayi sabata ino otsogolera nyimbo ndi iwo.

Apongozi anavula magalasi, misozi ikutsika, kenaka anayamba kuseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba. Manja anga anapita okha pakamera, koma ndinaima.

"Amayi, ndijambule?"

Anapukuta m'maso, n'kukonza duku.

"Jambulani, bambo a Tisa. Koma dzina lanu mulilembe pakati penipeni. Wofuna kulidula ayambe wadula ine."