Kaseti ya Esinati

Ndikukumbukira masana ena a mwezi wa Okutobala ku Feira, dzuwa likuwotcha mchenga mpaka agalu kubisala pansi pa mabwato. Mkulu wanga Esinati anali pafupi kukwatiwa kutsidya, ku Zumbo. Amai atamufunsa chimene akufuna kutenga, sanatchule mbale kapena poto. Anapempha kaseti ya rumba imene atate anagula ku Lusaka.

"Imeneyi siwoloka mtsinje," anatero atate. Koma m'mawa mwake anabwera ndi kaseti yopanda kanthu, ndi wailesi yobwereka kwa aphunzitsi ena oyandikana nafe.

Tinaika wailesi yathu ndi yobwerekayo pamphasa, moyang'anizana ngati akuluakulu okambirana za ukwati. Ina iziimba, inayo izijambula. Atate analumikiza mawaya ku batire ya galimoto, natiuza kuti aliyense atseke pakamwa.

Tinakhala chete m'nyumba yonunkhira nsomba zouma. Ndinkayang'ana timagudumu ta kaseti tikuzungulira pang'onopang'ono, fumbi likuyandama m'kuwala kolowera pabowo la malata. Gitala inkamveka ngati ikuchokera kutali pamadzi, ndipo ndinayamba kusinza. Kenaka tambala analira pakhomo penipeni. Amai analimbana nacho chifuwa mpaka misozi, koma chinawagonjetsa, anatsokomola. Ine kuseka kunandipulumuka, atate n'kunong'ona mwaukali, "Iwe Tisa, tuluka."

Titaimvetsera kaseti yojambulidwayo, zonsezo zinalimo. Atate anafuna kufufuta kuti tiyambirenso, koma Esinati anaitulutsa msanga n'kuimangirira m'chitenje.

"Batire yafooka, atate," anatero, maso ali pansi.

Atate anamuyang'ana nthawi yaitali. Batireyo anali atangoitchajitsa ku Boma dzulo lake, koma anangoyamba kumasula mawaya.

Patapita zaka, ali kale ndi ana, Esinati anandiuza za miyezi yake yoyamba pakati pa anthu achilendo. Akatsala yekha ankabweza kasetiyo ndi bolopeni, kufunafuna malo amodzi omwewo, mpaka tepi inatha mphamvu n'kuduka.

Masiku ano mwana wanga amagula nyimbo pa intaneti n'kuziika pa CD madzi a tiyi asanawire. Palibe wotsekedwa pakamwa, ndipo zimamveka bwino, zopanda kaphokoso kalikonse. Ndinamupempha kuti apeze nyimbo za rumba zija, ndipo ndinazitumiza kutsidya ndi amalonda a nsomba. Esinati anaimba foni kuthokoza. Kenaka anafunsa, "Nanga inuyo muli pati m'menemu?"