Namzeze ndi Namwino Wochedwa

Ku koleji ankamutchula Namzeze, chifukwa akafika pokhota pa bwalo ankachita ngati sakuponda pansi. Anali mwana wa telala, wamfupi, wosalankhulalankhula, koma pa mpikisano wa mamita 800 panalibe womugwira. Chaka chake chomaliza anamaliza mtundawo m'mphindi ziwiri ndi masekondi asanu ndi anayi. Bambo ake anali atatseka shopu tsiku limenelo, ndipo anadumpha mpanda wa bwalo tepi yoyezera ili m'khosi.

Bondo ndi limene linamudula miyendo. Atachira, koleji inamupatsa wenzulo ndi wotchi kuti aziphunzitsa ena. Anatha zaka makumi awiri akuthira laimu m'mizere, kumanga akakolo opindika ndi kukalipira ogona mochedwa. Nthawi yake ija palibe anaifikapo.

Tsiku lina ali pawindo la ofesi anaona mayi wina wophunzira unamwino akudutsa bwalo lonse chothamanga, mabuku kukhwapa, nsapato m'manja.

“Iwe, ukuthawa ndani?”

“Palibe, Mayi. Ndachedwa kalasi.”

“Mawa udzachedwere kuno kwa ine.”

Namwinoyo anaseka, kenako anati sizingatheke. Anali ndi mwana wa chaka chimodzi, ndipo womusiyira ankafika dzuwa litakwera. Namzeze sanabereke, ndiponso nkhani imeneyo sankaikamba ndi munthu. Anangoti, “Ubwere naye.”

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ankaima m'mbali mwa bwalo mwana ali kumsana, wotchi ili m'manja. Kamwanako kanazolowera mpaka kumagona wenzulo ikulira.

Chaka chachiwiri Namzeze anaona chachilendo. Namwinoyo ankauluka bwinobwino, koma akatsala masitepe khumi ankabweza liwiro. Kamodzi, kawiri, kachitatu anamuitana.

“Chikukupweteka n'chiyani?”

“Palibe.”

“Nanga bwanji umaima ngati waona ngongole kutsogolo?”

Namwinoyo anayang'ana pansi. “Anzanga andiuza kuti nthawi yosafikidwa ija ndi yanu. Inu mukundilelera mwana, ine ndikuchotsereni dzina?”

Namzeze anayang'ana wotchi yake. Zoona, nthawiyo ankainyadira mumtima, ngakhale sanauzepo ndi mwamuna wake yemwe.

“Tamvera, mwanawe,” anatero. “Msana wangawu sindikuuvutitsira ulemu. Ukadzabwezanso liwiro, mwana uzithamanga naye wekha.”

Pa mpikisano wa makoleji kunali kamphepo, bwalo litadzaza. Namwinoyo anatuluka pokhota pomaliza ali yekhayekha, ndipo Namzeze anamva mawu ake omwe akukuwa, “Usandiyang'ane ine! Pita!” Atadina wotchi anaiyang'ana kawiri. Mphindi ziwiri, masekondi asanu ndi awiri.

Anamupeza namwinoyo atagwa pa kapinga akusisima. “Pepani, Mayi.”

“Dzuka, uziyenda, miyendo ingaume. Mpweya wolirira waupeza kuti?”

Koma Namzeze nayenso misozi inali itatsika kale. Anaipukuta ndi kachipewa ka mwana.

Patapita zaka zitatu Namzeze anapuma pa ntchito. Masiku ano namwinoyo akaweruka kuchipatala Loweruka amapita kukaphunzitsa atsikana atsopano. Namzeze amakhala pa benchi la pansi pa mtengo, atalonjeza kuti salowerera. Sipatha mphindi zisanu asanaimirire.

“Manjawo! Auze atsitse mapewa!”

“Ndawauza kale, Mayi.”

“Auzenso.”