Bokosi la kwa Aphungu

Ndalota mdzukulu wanga Yamikani, uja munamuvotera uphungu ndevu zake zisanagwirizane zomera. Nyumba ya Malamulo ili m'chigafa changa cha fodya, ndipo aphungu onse apachikidwa m'mitengo ngati masamba oti aume. Iye yekha waima pansi, wavala suti ya malemu bambo ake, manja a jekete akukwekwereza m'fumbi.

"Tibwerere ku mwambo wa makolo!" akutero, anzakewo n'kumaomba m'manja ndi nsapato.

Kenaka pali maliro, ndipo womwalirayo ndine. Bokosi wagula ndi iyeyo, lokongola ndithu, alikuta ndi nsalu ya chipani, nkhope yake ikuseka pachifuwa panga penipeni. Koma ndi lalifupi. Mapazi anga atulukira kunja, nkhuku ikundijompha chala.

Wavula chipewa, wagwada monga ndinamuphunzitsira. "Agogo awa ndi amene anandilera," akuuza anthu. "Dzina lawo ndi a..." Waima. Akufunsa dalaivala. Dalaivala akufunsa nkhuku.

"Iwe Yami, ndine amene ndinkakutumbula matekenya ndi singano!" Ndikukuwa, koma m'kamwa andiika thonje.

Galimoto yaliza hutala, akuti kutsidya kuli maliro ena a anthu ambiri ovota. Suti ikunyamuka, ikuyenda bwinobwino, koma m'katimo mulibe munthu.

Ndadzuka mapazi ali kunja kwa bulangeti, ozizira. Ndimati ndiseke, ndikasimbire anzanga pa bawo, koma kusekako sikunabwere. Nsalu ija ndi imene ndinatchingira zenera, ndipo mwanayo akusekabe pamenepo.