Makwerero a Che Chande

Anthu a ku Utale ankawadziwa Che Chande ndi zinthu ziwiri: kofiya yosuluka imene sinkachoka kumutu, ndi makwerero ansungwi amene ankatsamira pakhoma la nyumba yawo. Mlendo akafunsa njira ankangouzidwa kuti, "Mukaona makwerero, mwafika."

Kwawo kwenikweni kunali ku Nayuchi, kumalire. Kuno anabwera njanji ya kwawoko isanayalidwe, kudzakhala chikamwini kwa Abiti Sadiki. Mwana amene anakula anali mmodzi yekha, Usumani, ndipo iyeyo anakwera ndege ya Wenela, kampani yolemba anthu ntchito ya m'migodi, kupita ku Joni, kupita kwake komweko. Abiti Sadiki atamwalira, akuchikazi sanawathamangitse Che Chande, koma kunena kuti ankawasunga kungakhale kunama. Anangowasiyira nyumba, kamunda kamiyala ndi moni wapanjira. Ku Nayuchi nako amene ankawadziwa anali atatha. Ndiye abale awo anali a m'kalabu basi.

Kalabuyo inkatchedwa Tigwirane Manja. Anaiyambitsa a Yotamu, bambo wa Katolika amene anapuma ntchito ya kunjanji, munthu wokonda kuyankhula ataimirira ngakhale omvera ali awiri. Masiku amenewo gulu silinkangosonkhana mwachisawawa, choncho a Yotamu anayamba akagwada kwa tcheyamani wa nthambi ya chipani, ndipo aliyense wa m'kalabu ankayenda ndi khadi la chipani m'thumba ngakhale akukakumba chimbudzi. Ntchito yawo inali kukonza zitsime, kukumbira zimbudzi anthu osowa mphamvu, koma makamaka kufolera nyumba za nkhalamba, za akhungu ndi za anthu amene khate linawadya zala. Lachisanu Asilamu anali ku mzikiti, Lamulungu Akhristu kutchalitchi, motero tsiku la kalabu linali Loweruka.

Loweruka m'mawa onse ankakumana kwa Che Chande, chifukwa makwerero anali kumeneko. Anawapanga okha, ndipo ankawasamala kuposa bulangeti lawo. Tsikulo ankalawirira kusesa bwalo lonse mpaka kunjira. Amayi ankafika atasenza mitolo ya udzu, abambo ndi luzi paphewa, phokoso lili tayale. A Matilda, mkulu wa amayi, ankayamba ndi kuwaputa m'Chiyao chawo chokhota.

"Ajimwiche uli, achimwene? Kodi makwererowa mudzawakwatira liti?"

"Ndinafunsira kale, achemwali, koma akuti ndine wamfupi," ankayankha Che Chande, n'kuseka mpaka chifuwa kuwatsamwa.

Kuseka kwa sabata yonse kunali komweko. Masiku enawo ankayankhula ndi nkhuku.

Padenga Che Chande anali katswiri. Udzu ankauyala mothithikana, luzi n'kukoka mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka. Denga lofolera iwo linkatha zaka osadontha, ndipo ankanyadira zimenezo. Kalabu inali ndi lamulo lake limene iwo ankaliumirira kuposa wina aliyense: mwini nyumba sagwira ntchito. Amamuyalira mkeka pamthunzi, kumupatsa thobwa, iye n'kumangoonerera.

Tsiku lina anafolera nyumba ya a Bernadetta, mayi wakhungu wa kutsidya kwa Rivirivi. Pomaliza, mayiwo anafufuza ndi manja mpaka anagwira mkono wa Che Chande, osafuna kuusiya.

"Pakhomo pano lero pamveka ngati pamudzi," anatero a Bernadetta. "Mubwerenso, bambo, ngakhale kudzangocheza."

"Tibweranso, mayi," anayankha Che Chande, uku akukweza makwerero paphewa.

Mawu amenewa ankawanena pakhomo lililonse, ndipo sankanama dala. Kungoti madenga odontha anali ambiri, pamene Loweruka ndi limodzi pa sabata. Nyumba ikafoleredwa bwino, kalabu inalibe chobwererako. Kwa a Bernadetta anabwererakodi, koma anali kukaika maliro a mayiwo, denga likadali gwa.

Zaka zinapita, miyendo inayamba kukana. Chilimwe china, dzuwa la ku Balaka lija likuswa mtengo, Che Chande anachita chizungulire ali pamwamba, n'kutsetsereka mpaka m'mphepete mwa denga. Anawagwira ndi Lyford, bambo wa ana atatu amene iwo omwe anamuphunzitsa kufolera. Che Chande anati ndi udzu woterera, nkhani n'kuthera pomwepo, koma anthu anayang'anana.

Panali china chimene ankabisa. Udzu amamweta ndi amayi, ndipo chimwalirireni Abiti Sadiki panalibe wowamwetera. Kupempha kunkawachititsa manyazi. Mmisiri wa madenga a anthu onse ankagona m'nyumba yoonekera kumwamba, mvula ikagwa n'kumatchera beseni pakati pa chipinda. Amene anazitulukira ndi a Matilda, tsiku limene analowa m'nyumbamo kukafuna chikho, n'kuona dzuwa litagwa pansi madonthomadontho ngati nkhanga. Anangokanena kwa a Yotamu.

Loweruka lotsatira Che Chande anasesa bwalo monga mwa masiku onse. Anthu anabwera ambiri kuposa kale, udzu wake wosankha, ndi ndowa ya thobwa. Che Chande anathamangira makwerero.

"Lero tilowera kuti, a Yotamu?"

A Yotamu anakonza kukhosi, n'kuima mowongoka. "Lero tafika, Che Chande. Ntchito ili pompano."

Che Chande atacheuka anaona a Matilda akuyala mkeka pansi pa mtengo wa bwemba. Mkeka umenewo ankaudziwa, anauyalirapo anthu ambiri.

"Iyayi, achemwali, ine ndine wa m'kalabu. Pamkeka pamakhala othandizidwa."

"Mwini nyumba sagwira ntchito," anatero a Matilda akumwetulira. "Lamulo limeneli amalikonda ndani kuposa inu? Khalani pansi, achimwene, lero mudyerere."

Anakhala. Akanatani, lamulo lili lawo lomwe? Anawapatsa thobwa m'chikho chachikulu, koma linkangozungulira m'kamwa. Udzu wakale unagwetsedwa, wakuda ndi mwaye, ndipo amayi anayamba nyimbo. Bwalo linadzaza ndi phokoso lomwe lija ankalikonda, koma tsopano ankalimva ngati la pakhomo pa eni. Aliyense wodutsa ankawagwadira mwaulemu, n'kufunsa ngati akufuna madzi. Panalibenso wowaputa.

Anakweza maso. Lyford anali pamwamba, akuyala udzu mothithikana, luzi akukoka mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka, ndendende mmene anamuphunzitsira. Che Chande anayang'ana mzere woyamba, wachiwiri, ndipo anakumbukira denga la a Bernadetta. Mantha anawagwira.

"Lyford!" anaitana. "Usakoke kwambiri luzilo. Ungoyala pang'onopang'ono, udzu wina ukathandize ena. Likadontha mudzakonza chaka chamawa."

Lyford anaseka, anthu onse n'kuseka naye, poganiza kuti mkuluyo wayamba nthabwala zake.

"Iyayi, ambuje," anatero Lyford. "Ili ndi denga la mphunzitsi wanga. Ndikatsika pano, simudzafunanso munthu pakhomo pano zaka ndi zaka."

Ananena ndi mtima wabwino, ndipo amayi analulutira. Che Chande anangoweramitsa mutu, n'kumatembenuza chikho m'manja.

Dzuwa litapendeka ntchito inatha. Denga linali lokongola, losalala ngati mutu wometa kumene, ndipo odutsa m'njira ankaima kuliyang'ana. A Yotamu anayankhula nthawi yaitali. Anathokoza boma chifukwa cha mtendere, anathokoza amayi chifukwa cha udzu, kenaka anafika pa Che Chande. Anati mkuluyu wagwira ntchito yokwana, tsopano apume. Anati kalabu yagwirizana kuti asamavutikenso ndi kusesa bwalo ndiponso kulandira chigulu cha anthu Loweruka lililonse. Makwerero azikakhala kwa Lyford, kufupi ndi sitolo, kumene n'kosavuta kukumana.

Anthu anaomba m'manja. Che Chande anafuna kunena kuti kusesa sikunawapwetekepo msana, kuti chigulucho ndiye chakudya chawo. Koma munthu amene wangofoleredwa nyumba ulele angadandaule bwanji pamaso pa anthu? Anangoti, "Sikomo kwejinji. Mulungu akudalitseni."

Lyford anasenza makwerero. Amayi anatola ndowa zawo. A Matilda anabwera kudzapinda mkeka, ndipo Che Chande anapezeka atawagwira mkono, osafuna kuusiya.

"Achemwali, muzidutsa. Ngakhale kudzangondiputa."

"Aa, inu achimwene, tingakutayeni ife?" anatero a Matilda, maso ali kwa anzawo amene anali atafika kale kunjira. "Tibweranso."

Che Chande anausiya mkonowo. Mawuwo anali awo omwe, ndipo ankadziwa kutalika kwake.

Loweruka linalo anasesabe bwalo mpaka kunjira, chifukwa manja anali atazolowera. Pakhoma panatsala mizere iwiri yoyera pamene nsungwi zinkatsamira. Chapatali, cha kunjanji, anamva nyimbo ya amayi ikupita kwina, ndipo anaima ndi tsache m'manja mpaka inazilala. Anayesapo kupita kwa Lyford tsiku lina, koma miyendo inawafikitsa anthu atanyamuka kale, n'kupeza mkazi wa Lyford yekha akusinja.

Mvula yoyamba inagwa masana, yamphamvu, yonunkhira fumbi. Che Chande analowa m'nyumba, natenga beseni lija, nalitchera pakati pa chipinda pamalo pake pakale. Anakhala pambali, maso kudenga, akuyembekeza kuti mwina Lyford anaphonya penapake, kuti apeze chokawaitanira. Mvula inagwa mpaka bwalo linasanduka dziwe. M'besenimo simunagwe dontho ngakhale limodzi.